Setilaiti yawerenga madenga athu: khonsolo ichite nawo chiyani?

Munthu amene akutera ndi ndege pabwalo la Chileka masana a mwezi wa Okutobala amaona chinthu chimene ife oyenda pansi sitichiona bwino: malata akung'anima kuyambira m'munsi mwa phiri la Ndirande, kudutsa Chirimba ndi Machinjiri, mpaka kumene maso alekezera, ena atsopano owala ngati galasi, ena adzimbiri ofanana ndi dothi la katondo. Kufunsa kuti madenga amenewa alipo angati kumamveka ngati masewera a ana, komatu makhonsolo a mizinda yathu akhala akuvutika ndi funso limeneli kwa zaka zambiri, ndipo mzinda umene sudziwa kuchuluka kwa nyumba zake sungadziwenso kukula kwa paipi ya madzi imene ikufunika, malo oyenera kumangapo sukulu, kapena njira imene madzi a mvula adzatsate akakana kulowa m'ngalande.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, 221,272 mu Mzuzu ndi 105,013 mu Zomba. Ziwerengero zimenezi ndi zofunika, koma kalembera amabwera kamodzi pa zaka 10, pamene nyumba ya zidina imaumbidwa, kumangidwa ndi kufoleredwa m'masabata owerengeka a chilimwe chimodzi. Pulani yaikulu ya mzinda wa Lilongwe imene inakonzedwa mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan inatuluka mu 2010, ndipo aliyense amene wayenda kumalire kwa Area 25, Area 36 kapena Chinsapo akudziwa kuti kumene kunali minda ya chimanga nthawi imeneyo lero kuli mipanda ya njerwa ndi tinjira tokhotakhota. Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda kukhala imodzi mwa nsanamira zake 3, ndiye sitinganene kuti kusadziwa maonekedwe a mizinda yathu ndi nkhani yaing'ono.

Chimene chasintha m'zaka zaposachedwa n'chakuti ntchito yowerenga madenga, imene kale inkafuna ndege yojambula ndi akatswiri okhala pa tebulo miyezi yambiri akulemba nyumba imodziimodzi, tsopano ikuchitidwa ndi kompyuta pa zithunzi za masetilaiti. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tating'ono, ndipo kufunika kwa chithunzicho kumadalira kukula kwa malo amene kadontho kamodzi kakuimira pansi pano. Masetilaiti a Landsat, amene oyamba ake anaponyedwa mumlengalenga mu 1972, amajambula kadontho ka mamita 30, ndipo m'kadontho koteroko mungalowe nyumba zingapo za ku Mbayani pamodzi ndi zimbudzi zake. Sentinel-2 wa mayiko a ku Ulaya, amene anayamba ntchito mu 2015, amafika pa mamita 10 ndipo amabwerera pamalo amodzimodzi pafupifupi masiku 5 aliwonse. Masetilaiti a makampani amalonda amafika pa theka la mita kapena kucheperapo, ndipo pamenepo m'pamene ngodya za denga zimaoneka. Anthu amayamba ndi kuzungulira madenga masauzande ambiri pa zithunzi ndi manja awo, kompyuta n'kuphunzira kuchokera pa zitsanzo zimenezo, kenaka n'kupitiriza yokha m'dziko lonse.

Mu Julayi 2021 ofufuza a Google, kuphatikizapo a ku ofesi yawo ya ku Accra m'dziko la Ghana, anatulutsa mndandanda wotchedwa Open Buildings wokhala ndi nyumba 516 miliyoni za mu Africa, ndipo pofika 2023 unali utakula kufika pa nyumba 1.8 biliyoni utaphatikiza mbali zina za Asia ndi Latin America. Malawi alimo, Zambia ilimo, Mozambique ilimo. Mu 2024 anawonjezera mndandanda wina wosonyeza mmene nyumba zakhala zikuchulukira chaka ndi chaka kuyambira 2016 mpaka 2023, pamodzi ndi kuyerekeza kutalika kwake. Zonsezi munthu amazitenga pa intaneti osalipira kanthu. Kunena mosapsatira, denga la nyumba imene mukuwerengeramo ndemangayi mwina linazunguliridwa kale mzere ndi makina a kunja, ndipo wophunzira wa ku yunivesite ya ku Ulaya akhoza kuliona mosavuta kuposa kalaliki wa khonsolo imene mumakhalamo.

Ine ndili kumbali ya amene akunena kuti makhonsolo athu agwiritse ntchito mapu amenewa, ndipo achite zimenezi msanga. Chifukwa changa choyamba n'chakuti kuyerekeza chiwerengero ndi maso kumasocheretsa kwambiri. Kwa zaka zambiri anthu ankalankhula za Kibera mumzinda wa Nairobi ngati malo okhalamo anthu pafupifupi miliyoni, koma kalembera wa Kenya wa 2009 anapezamo anthu pafupifupi 170,000, ndipo chaka chomwecho achinyamata a m'deralo anayamba ntchito ya Map Kibera yoika tinjira, mipopi, zipatala ndi masukulu awo pamapu amene kale ankasonyeza malo opanda kanthu. Kuno kwathu, mapu a kumene anthu akukhala amene Facebook inakonza mu 2016 pamodzi ndi akatswiri a Columbia University anaphatikizapo Malawi pakati pa mayiko oyamba, ndipo a Red Cross anawagwiritsa ntchito pokonzekera kampeni ya katemera wa chikuku, kuti odzipereka asataye masiku akuyenda m'tchire mopanda anthu. Ngati mapu a madenga anathandiza kupeza ana ofunika katemera, palibe chimene chingawalepheretse kuthandiza kupeza mabanja ofunika kiyosiki ya madzi.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti chimaiwalika pamene akuluakulu asonkhana m'mahotela kuonetsana zithunzi zokongola pa khoma, ndipo ndicho chimene chandichititsa kulemba. Setilaiti imaona denga, siona banja. Pakati pa denga ndi banja pali mtunda wautali, ndipo kuno kwathu mtundawo ndi wautali kuposa kumayiko kumene makinawa anapangidwira. Tiyerekeze ndi puloti imodzi ya ku Kawale kapena ku Zingwangwa. Kutsogolo kuli nyumba yaikulu ya mwini malo. Kumbuyo kuli mdadada wa malata a mzere umodzi, wokhala ndi zitseko 6, ndipo kuseri kwa chitseko chilichonse kuli banja la lendi lokhala ndi mbaula yake, ana ake ndi ndowa zake zodikira pa mpopi umodzi. Kompyuta iwerenga mdadadawo ngati nyumba imodzi. Tikapita ku malire a mzinda, kumene mudzi ukumezedwa pang'onopang'ono ndi tauni, tipeza banja limodzi lili ndi madenga 5: nyumba yogona, khitchini, bafa, chimbudzi ndi khola la nkhuku kapena la nkhumba. Kompyuta iwerenga nyumba 5. Wokonza pulani amene angochulukitsa madenga ndi chiwerengero cha anthu a pabanja adzatumiza madzi ambiri kumene kuli nkhuku, n'kumana dera limene amayi amadzuka 4 koloko m'mawa kukaima pamzere.

Denga silinenanso chimene chikuchitika pansi pake. Tchalitchi, chigayo, shabini, sukulu ya mkaka, galaja ya amakanika ndi nyumba yosamalizidwa imene mwini wake ali ku Johannesburg, zonsezi kuchokera kumwamba ndi malata ofanana. Silinena ngati pansi ndi pa simenti kapena pozira, ngati khoma ndi la njerwa zootcha kapena la zidina zimene mvula ya masiku atatu ikhoza kuzisungunula, ngati chimbudzi chili pafupi ndi chitsime. Ndipo chachikulu koposa, silinena kuti malowo ndi a yani. Malire a puloti sakhala padenga. Amakhala m'makalata a ku Unduna wa za Malo, m'mabuku a khonsolo, m'mafayilo a Malawi Housing Corporation, kapena m'kapepala kolembedwa pamanja kamene kanasainidwa pamaso pa mfumu ya m'tauni ndi mboni ziwiri. Malamulo a za malo a 2016, kuphatikizapo lamulo la Physical Planning Act limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1988, anabwera kudzalongosola zimenezi, koma palibe chithunzi cha mumlengalenga chimene chingaweruze pakati pa mkazi wamasiye ndi alamu ake amene onse akuti nyumbayo ndi yawo.

Tiyeneranso kufunsa kuti makinawa akalakwitsa, amalakwira yani. Kompyuta imazindikira mosavuta denga lalikulu la malata atsopano loima palokha pakati pa kapinga, monga madenga a ku Area 10 kapena ku Namiwawa. Imavutika ndi denga la udzu limene mtundu wake ndi wofanana ndi bwalo losesedwa, imavutika ndi malata adzimbiri pa dothi lofiira, imavutika ndi kanyumba kobisika pansi pa mtengo wa mango, ndipo kumene nyumba zathithikana mpaka madenga kugundana, monga m'kati mwa Ndirande kapena Mtandire, imatha kumanga madenga angapo kukhala chinthu chimodzi. Nthawi zina imatenga mwala waukulu kapena uvuni wa njerwa n'kuuyesa nyumba. Onjezerani mitambo ya dzinja ndi utsi wa moto wa m'tchire m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, komanso mfundo yakuti zithunzi zimene zalumikizidwa kukhala mapu amodzi sizinajambulidwe tsiku limodzi. Eni ake a mndandandawu sabisa zimenezi, ndipo pa nyumba iliyonse amaikapo nambala yosonyeza mmene kompyuta ikukhulupirira kuti yaonadi nyumba. Vuto n'lakuti zolakwazo sizigwera onse mofanana. Amene amasowa pamapu ndi wa denga la udzu ndi wa m'malo othithikana, yemweyo amene mzinda unali utamuiwala kale, ndipo tsopano kuiwalika kwake kwapeza chidindo cha sayansi.

Ena adzati zimenezi ndi zovuta zazing'ono zimene zidzatha makinawa akamapita patsogolo, ndipo pa kuzindikira udzu ndi dzimbiri ndikugwirizana nawo, chifukwa chaka chilichonse zithunzi zikuwala bwino. Tilinso ndi tindege touluka popanda woyendetsa, timene ambiri amangoti madroni, timene timauluka pansi pa mitambo n'kujambula mpaka msomali wa padenga. Ku Zanzibar, kuyambira 2016, boma la kumeneko linajambula zilumba zake ndi madroni mothandizidwa ndi World Bank, ndipo oulutsa ambiri anali ophunzira a yunivesite ya komweko. Malawi sali m'mbuyo pa luso limeneli: malo oyeserapo madroni a ku Kasungu anatsegulidwa mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe mu Januwale 2020 mogwirizana ndi UNICEF, Virginia Tech ndi Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo. Koma ngakhale droni itaona msomali, sidzaona mabanja 6 a m'mdadada uja, pakuti vuto limenelo si la maso ofooka ayi, ndi la funso limene limayankhidwa pokhapokha munthu ataima pakhomo n'kunena kuti odi.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhawa yanga yaikulu. Mapu alibe mbali, koma ofesi imene yayamba kuwagwira ndiyo imawapatsa tanthauzo pamaso pa anthu. M'khonsolo iliyonse muli maofesi awiri amene mapu a madenga amawapindulira tsiku lomwelo: ofesi yotolera msonkho wa nyumba ndi ofesi yoona za nyumba zomangidwa popanda chilolezo. Ofesi ya misewu, ya ngalande ndi ya zinyalala imapindula mochedwa, chifukwa kudziwa pamene pakufunika ngalande sikugula simenti. Tikalekerera zinthu kuti ziyende zokha, chinthu choyamba chimene munthu wa ku Mgona kapena ku Misesa adzalandire kuchokera ku luso latsopanoli chidzakhala chikalata cha ngongole kapena chizindikiro chofiira pakhoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera ndi tabuleti m'manja adzalandiridwa ndi bodza kapena ndi miyala. Amene anakhalapo m'madera amenewa amadziwa mmene mphekesera yoti akubwera kudzagwetsa imayendera mofulumira kuposa minibasi.

Nkhawa imeneyi ili ndi mbiri yake m'chigawo chathu chino. Mu 2005 boma la Zimbabwe linachita ntchito yotchedwa Murambatsvina, yogwetsa nyumba ndi timisika timene linkati n'tosaloledwa, ndipo nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inanena mu lipoti lake kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, ntchito zawo kapena zonse ziwiri. Panthawiyo makompyuta owerenga madenga kunalibe, ndipo ndimadzifunsa mmene ntchitoyo ikanayendera mwachangu akanakhala ndi mndandanda wa nyumba iliyonse yosapezeka m'mabuku. Koma nkhani yomweyo ili ndi mbali ina yoyenera kuikumbukira: mu 2006 zithunzi za setilaiti za malo otchedwa Porta Farm, kufupi ndi Harare, zinasonyeza dziko lonse mudzi wodzaza ndi madenga pa chithunzi chakale ndi bwalo lopanda kanthu pa chithunzi chatsopano, moti kukana kunakhala kovuta. Chithunzi chimodzimodzi chikhoza kutsogolera chigalimoto chogwetsera nyumba, chikhozanso kukhala mboni ya wogwetseredwayo, ndipo kusiyana kwake kuli pa amene ali ndi ufulu wochiona. N'chifukwa chake ndikunena kuti mapu amene khonsolo ikugwiritsa ntchito asakhale chinsinsi cha m'kompyuta ya bwana mmodzi.

Sindikunena kuti msonkho ndi woipa, ndipo wolemba amene angauze anthu kuti mzinda ungayende popanda ndalama akuwanamiza. Khonsolo imene ili ndi nyumba zochepa chabe m'kaundula wake imafinya anthu omwewo chaka ndi chaka, pamene nyumba zosanja zomangidwa posachedwa sizilipira kanthu. Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone, motsogozedwa ndi meya Yvonne Aki-Sawyerr amene anasankhidwa mu 2018, unagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kupeza nyumba ndi kuyeza kukula kwa madenga ake, ndipo chiwerengero cha nyumba za m'kaundula chinakwera pafupifupi kawiri. Koma chimene ambiri satchula n'chakuti zithunzizo zinali chiyambi chabe: anthu anayenda nyumba ndi nyumba kulemba mtundu wa khoma, wa mawindo, wa msewu wofika pakhomo ndi ngati pali madzi, kenaka zonsezo zinasandutsidwa mapointi, kotero kuti katundu wolemera anagwera nyumba zamtengo wapatali. Ngakhale zinali choncho, boma lalikulu linaimitsa ntchitoyo kwa kanthawi mu 2020, zimene zikusonyeza kuti msonkho ndi ndale ngakhale utawerengedwa ndi makina. Njira ya mapointi imeneyi si yachilendo kwa ife, popeza khonsolo ya Mzuzu inaiyamba cha mu 2013, ndipo nyumba za m'kaundula wake zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pa pafupifupi 40,000, ndalama zotoleredwa n'kukwera kangapo. Phunziro limene ndikutengapo n'lakuti setilaiti ingafupikitse ntchito yopeza nyumba, koma chilungamo cha msonkho chimachokera kwa woyenda pansi, ndipo kulolera kwa wolipira kumachokera pa kuona chimene ndalama yake yachita pamsewu wa kwawo.

Pali chitsanzo china chimene chimandiwawa kuchitchula. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, kuphatikizapo ambiri amene anafera ku Chilobwe ndi madera ozungulira phiri la Soche, pamene matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukokolola nyumba. Makolo athu anali ndi dzina la zoterezi, napolo, ndipo Zomba inamuona mu 1946, Phalombe mu 1991. Munthu akaika zithunzi za phiri la Soche za zaka zosiyanasiyana motsatana, amaona mitengo ikuchepa ndi madenga akukwera phiri chaka ndi chaka. Koma tinene zoona: kodi panali munthu mu Blantyre amene ankafunika setilaiti kuti adziwe zimenezo? Nyumbazo zinkaoneka kuchokera pa msewu wa Chikwawa ndi maso wamba. Chimene chinasowa sichinali chidziwitso. Chinasowa ndi malo ena otsika mtengo, okhala ndi madzi ndi msewu, pafupi ndi kumene anthuwo amapezera ganyu, kumene akanapita. Mapu abwino akanatiuza kuti m'njira ya madzi muli madenga angati, ndipo zimenezo n'zothandiza kwa a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pokonza machenjezo ndi malo othawirako, koma munthu amene wauzidwa kuti denga lake lili pamalo oopsa osapatsidwa kolowera amabwerera pomwepo mvula ikakata. Mapu omwewo amene akusonyeza malo oopsa ayenera kugwiritsidwa ntchito, ndi khama lomwelo, kupeza malo amene mzinda ukulowera kuti misewu ilembedwe ndi mapuloti adulidwe anthu asanafike, pakuti kusiya mpata wa msewu pa munda wa chimanga n'kotsika mtengo kuposa kulipira chipukuta misozi kwa eni nyumba 200 patatha zaka 10.

Njira imene ndikuona kuti ingatiyenere inayesedwa kale kwa anansi athu. Ku Dar es Salaam, ntchito ya Ramani Huria inayamba mu 2015, ndipo inatenga ophunzira a University of Dar es Salaam ndi Ardhi University n'kuwaphatikiza ndi anthu okhala m'madera amene madzi amasefukira. Zithunzi za kumwamba zinapereka madenga, koma ophunzirawo ndi eni dera anayenda wapansi kuyeza ngalande, kulemba pamene zatsekeka, kufunsa kuti madzi anafika pati chaka chatha, ndi kuika zonsezo pa mapu a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap, pamene aliyense angazione ndi kuzikonza. Anthu anatsegula zitseko zawo chifukwa funso loyamba linali la madzi amene amawalowera m'nyumba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ino mwambiwo ukugwira ntchito ngakhale m'tanthauzo lake lenileni: kompyuta ili ndi mbali yake, koma mbali zina zonse za dengalo ziyenera kugwiridwa ndi anthu.

Anthu oterowo tili nawo. Chaka chilichonse mayunivesite a MUBAS, Mzuzu University, MUST ndi University of Malawi amatulutsa achinyamata ophunzira za kuyeza malo, za mapulani a mizinda ndi za mapu a pakompyuta, ndipo ambiri mwa iwo akugulitsa mayunitsi kapena kudikira kuitanidwa. M'madera muli mafumu a m'tauni, atsogoleri a mabuloko, makomiti a chitukuko, alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse lokhala ndi mwana wosakwana zaka 5, ndi magulu a amayi osunga ndalama amene akhala akudziwerenga okha kwa zaka zambiri. Khonsolo imene ikufunadi kudziwa mzinda wake itenge madenga aulere aja, iwasindikize pa mapepala akuluakulu dera ndi dera, iwapachike pasukulu kapena pamsika, ndipo ilole anthu kuloza ndi chala kuti ili ndi khola, ili ndi tchalitchi, apa mwadumpha nyumba zitatu, umu tikukhalamo mabanja 6. Nyumba iliyonse yotsimikizidwa ipatsidwe nambala pakhomo, chifukwa nambala imeneyo ndi imene idzathandize ambulansi, ozimitsa moto ndi olumikiza madzi kufika popanda kufunsa za mtengo wa mango umene unadulidwa kalekale.

Pakufunikanso kugwirizana pa za kasungidwe. Tazolowera kuona ntchito za mapu zikubwera ndi thandizo la kunja, kompyuta zatsopano n'kugulidwa, kenaka thandizolo likatha chilolezo cha pulogalamu n'kutha, katswiri n'kukwera ndege ndi zonse zimene anasonkhanitsa, ndipo patapita zaka zingapo wopereka thandizo wina n'kuyambanso kujambula malo omwewo. Dziko lino lili ndi Dipatimenti yoyeza malo, lili ndi National Statistical Office ku Zomba, lilinso ndi tsamba la MASDAP limene linakhazikitsidwa kuti mapu a boma ndi a mabungwe azisungidwa pamodzi. Mgwirizano uliwonse wojambula mzinda uzinena momveka kuti zithunzi ndi mapu zidzatsala m'manja mwa dziko lino, m'njira imene kompyuta wamba ingatsegule. Koma pakhale malire pakati pa zimene zili zapoyera ndi zimene zili za munthu. Mzere wa denga, msewu ndi ngalande zikhale poyera. Dzina la mwini nyumba, nambala yake ya foni, ngongole yake ndi chiwerengero cha ana ake zitetezedwe monga mmene lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024 likufunira, chifukwa mndandanda wosonyeza nyumba imene mukukhala mayi wokalamba yekha ndi wothandiza kwa mlangizi wa zaumoyo komanso kwa mbala.

Ndikudziwa kuti mkulu wa zachuma m'khonsolo adzandifunsa kuti ngalande ndiyambe kumanga ndi chiyani ngati msonkho ukubwera pambuyo. Yankho langa n'lakuti sindikupempha kuti msonkho uimitsidwe, koma kuti uyambire kumene mapu akusonyeza madenga akuluakulu amene sali m'kaundula, m'madera amene ali kale ndi tala, magetsi ndi madzi, kumene kompyuta silakwitsa kwenikweni ndiponso kumene kuli ndalama zambiri. M'madera othithikana, ulendo woyamba wa mapu ukhale wa ngalande, wa mipopi ndi wa njira yolowera galimoto ya zinyalala, ndipo khonsolo ilembe poyera kuti kupezeka pamapu sikudzagwiritsidwa ntchito ngati umboni wogwetsera nyumba ya munthu popanda kukambirana ndi kumupezera kolowera. Lonjezo limenelo litaperekedwa m'msonkhano wa makhansala n'kulembedwa m'mabuku, lidzatsegula zitseko zambiri kuposa droni iliyonse.

Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Owerenga anthu adzayenda khomo ndi khomo monga mwa nthawi zonse, ndipo umenewo ndi mwayi umene subwera kawirikawiri wolumikiza denga lililonse la pamapu ndi mabanja enieni okhala pansi pake, malinga ngati makhonsolo ndi a National Statistical Office atayamba kukambirana tsopano za mmene angagawanire ziwerengero za dera ndi dera popanda kuulula za munthu aliyense. Zisanafike pamenepo, mvula ibweranso mu Novembala, ndipo ntchito imene ingatheke chaka chino ndi yaing'ono: kutenga mapu a madenga a m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Nasolo, Lingadzi ndi Mchesi, kuwapereka kwa achinyamata angapo ndi atsogoleri a mabuloko, ndi kuwatuma kuti akalembe pa denga lililonse la m'njira ya madzi kuti mukugona anthu angati, ndi kuti mwa iwo ndani sangathe kuthamanga.